Likulu limene linkayenda ndi ng'ombe: ulendo wofunafuna mabwinja a ku Mzimba

Teremu yathayi, m'kalasi la mbiri yakale, aphunzitsi athu anationetsa zithunzi za mzinda wa Ayutthaya wa ku Thailand. Panali nsanja zanjerwa zofiira zosongoka kumwamba, mizere ya ziboliboli za Buddha zoduka mitu, ndi mutu wina wamwala umene mizu ya mtengo inauzinga mpaka kungotsala nkhope. Anatiuza kuti mzindawo unakhazikitsidwa cha m'ma 1350, unakhala likulu la ufumu wa Siam kwa zaka zoposa 400, ndipo asilikali a ku Burma anautentha mu 1767. Lero alendo amachoka ku Bangkok, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, kukaona zotsalazo, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wake mu 1991.

Titatuluka m'kalasimo, mnzanga wina wa ku Dedza anandigwira paphewa. "Inu a ku Mzimba mumatisokosa ndi nkhani za ufumu wanu," anatero. "Tatiuzani, likulu lanu lakale lili pati? Titati tipite, tikajambula chiyani?" Ankanena moseka, inenso ndinaseka naye, koma funso lakelo linanditsata mpaka ku hositelo. Ndinabadwira ku Mzimba, bambo anga ndi Mngoni, mayi anga ndi Mtumbuka, ndipo dzina la Zwangendaba ndinayamba kulimva ndisanayambe sukulu. Komabe ndinalibe malo amodzi oti ndiloze ndi chala n'kunena kuti likulu linali apa. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene abala nkhani ino.

Pa tchuthi ndinapempha asibweni anga, amene ku Dedza akanawatchula kuti amalume, kuti anditenge pa njinga yawo yamoto tikaone malo amene amatchulidwa m'mbiri ya kwathu. Tinayenda masiku awiri m'fumbi ndi m'mphepo yozizira ya miyezi ya chisanu. Tinafika ku Mabiri, ku Embangweni, ku Edingeni, n'kumalizira pa phiri la Hora. Chimene ndinabwera nacho ndi ichi: mabwinja tili nawo, koma si anjerwa. Ali m'maina a midzi, m'manda, m'nthaka ndi m'kamwa mwa okalamba. Ndipo amene akufuna kuwawerenga moona ayenera kulolera kumva nkhani ziwiri, ya ogonjetsa ndi ya ogonjetsedwa.

Ufumu wa pamsewu

Tiyambe ndi zimene mabuku ndi akuluakulu amagwirizana. Zwangendaba Jere anachoka kumwera, m'dera limene lero lili ku South Africa, gulu la Ndwandwe la mfumu Zwide litagonjetsedwa ndi Shaka cha m'ma 1819. Anadutsa kumwera kwa Mozambique ndi dziko la Zimbabwe ya lero, akumenya nkhondo ndi kutenga anthu. Mu Novembala 1835 anawoloka mtsinje wa Zambezi cha ku Zumbo, tsiku limene kunachitika kadamsana wa dzuwa. Kadamsanayo ndi amene amatithandiza kudziwa mwezi ndi chaka, chifukwa akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengetsa kuti anachitika liti. Atakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, anakwera chakumpoto nadzakhala ku Mabiri, kumwera kwa boma la Mzimba la lero. Kuchokera apo anapitirira mpaka ku Mapupo, kudera la malire a Tanzania ndi Zambia, kumene Zwangendaba anamwalira m'zaka za m'ma 1840.

Mfumu itamwalira, gulu linagawikana chifukwa cha mkangano wa ufumu. Ena analowera kumpoto kwa Tanzania, ena anakathera ku Songea, Mpezeni anadzakhazikika kudera la Chipata, ndipo M'mbelwa ndi abale ake analowa m'dziko la Atumbuka. Analongedwa ufumu ku Ng'onga, m'chigwa cha Henga, m'zaka za m'ma 1850. Ufumu wa Chikulamayembe wa ku Nkhamanga unaphwasuka panthawiyo, ndipo unadzadzutsidwanso mu 1907 azungu atayamba kale kulamula. Kuchoka ku Henga, Angoni anasamukira m'chigwa cha Kasitu. Nthaka itaguga, mitengo itatha, msipu utachepa, anayambanso kutsetsereka chakumwera, cha ku Hora ndi m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru. M'mbelwa woyamba anamwalira mu 1891, ndipo likulu la M'mbelwa lero lili ku Edingeni.

Mukawerenga maina amenewa motsatizana, muona chifukwa chake ndinalephera kuyankha mnzanga uja. Mafumu a ku Ayutthaya anakhala pa chilumba chimodzi, pakati pa mitsinje, kwa mibadwo yambirimbiri, aliyense akuwonjezera kachisi wake pambali pa wa mnzake. Makolo athu pa zaka zosakwana 100 anasamutsa likulu kambirimbiri, m'mayiko amene lero ndi asanu kapena kuposa. Munthu amene akudziwa kuti asamuka sawotcha njerwa. Chuma chake chiyenera kukhala choti chikhoza kuyenda chokha, ndipo chuma choterocho ndi ng'ombe ndi anthu.

Kachisi wake anali khola

Ku Mabiri tinaima pamthunzi, asibweni akupukuta fumbi kumaso. Ndinayang'ana uku ndi uku: minda yokolola kale, mapesi, ana akuthamangitsa mbuzi, nyumba zamalata. Ndinawafunsa kuti mudzi wa Zwangendaba unali pati kwenikweni. Anaseka. "Iwe mwana, ukufuna chipupa? Mudzi wa Angoni unali mitengo, udzu ndi ndowe. Chiswe chinadya kalekale. Ukafuna bwinja, uziyang'ana pansi, osati kumwamba."

Anandifotokozera zimene ndinadzazipezanso m'mabuku a anthu monga Yesaya Chibambo, mbusa wa ku Ekwendeni amene analemba mbiri ya Angoni, ndi Margaret Read, amene anafufuza za moyo wa Angoni m'zaka za m'ma 1930. Pakati pa mudzi pankakhala khola la ng'ombe, limene kwathu timati chiwaya. Anzanga a m'tauni musaganize za chiwaya chokazingira tchipisi. Liwuli likuchokera ku liwu la Chizulu lakuti isibaya. Nyumba zinkazungulira kholalo mwadongosolo, ndipo aliyense ankadziwa mbali yake malinga ndi ukulu wa nyumba imene anachokera. Pachipata cha khola amuna ankakhala pansi kuweruza milandu. M'kholamo asilikali ankavina asanapite kunkhondo. M'kholamo ankapha ng'ombe poitana mizimu ya makolo pakagwa chilala kapena matenda. Mwini mudzi akamwalira ankaikidwa chokhala, atakulungidwa m'chikopa cha ng'ombe, pakhola pomwepo.

Tanthauzo lake n'lakuti khola linali bwalo la milandu, nkhokwe ya chuma, manda a mafumu ndi kachisi, zonse pamalo amodzi. Atumbuka nawo anali ndi malo awo opembedzera: tinyumba tating'ono ta mizimu totchedwa kavuwa, mitengo ya msoro imene ankathirapo nsembe, ndi mapiri opatulika monga Chikhang'ombe ku Rumphi. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinamangidwa kuti chidzajambulidwe patapita zaka 300.

Tisafulumire kudziona ngati operewera. Ku Ayutthaya komweko, nyumba za anthu wamba zinali zamatabwa ndi nsungwi, ndipo zinatha ngati mmene zinathera za ku Mabiri. Chimene mlendo amaona lero ndi akachisi, chifukwa njerwa zinkasungidwira chipembedzo, malinga ndi nyumba zachifumu. Ngakhale njerwazo, zambiri zinapasulidwa n'kutengedwa pa mabwato kukamangira Bangkok, imene inakhala likulu mu 1782. Chotsala pa bwinja chimangokuuza zipangizo zimene anthu anamangira. Sichikuuza kukula kwa moyo umene unali pamenepo. Mnzanga wa ku Dedza ayenera kudziwa zimenezi kuposa ine, pakuti kwawo komweko, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, kunali likulu la Kalonga wa Amaravi. Ukafikapo suona chipupa. Koma katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Umboni wakuti Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali unali pansi pa minda.

Maina ndiwo zipilala zathu

Tikuchoka ku Mabiri, ndinayamba kuwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi maso atsopano. Embangweni, Ephangweni, Edingeni, Emfeni, Elangeni, Euthini, Eswazini, Emcisweni, Ezondweni, Ekwendeni. Ndakhala ndikutchula maina amenewa moyo wanga wonse osadabwa nawo. Koma si Chitumbuka ichi, ndipo si Chichewa. Kuyamba ndi E n'kumaliza ndi -eni kapena -ini ndi njira imene zilankhulo za kumwera, monga Chizulu ndi Chiswati, zimasonyezera malo, monga ife timanenera kuti ku-, pa- kapena mu-. M'Chizulu umbango ndi mkangano, ndiye kuti Embangweni ndi malo a mkangano. Ukwenda ndi ulendo wa mkwatibwi wopita kwa mwamuna wake, ndipo m'menemo ndi mmene mukuchokera Ekwendeni.

Chofunika kwambiri n'chakuti Angoni posamuka ankanyamula dzina la mudzi. Nyumba ankazisiya, dzina ankapita nalo n'kukalidzala pamalo atsopano. N'chifukwa chake ku Mzimba kuli Elangeni ndipo ku Chipata, kwa Mpezeni, kuli Luangeni. Likulu la Angoni silinali malo. Linali gulu la anthu, ng'ombe zawo ndi dzina lawo, ndipo pamene zitatuzi zaima ndi pamene panali likulu. Lero mipando ya makhosi ikadali ndi maina otero: Inkosi Mtwalo ku Ezondweni, Inkosi Mpherembe ku Emcisweni, Inkosi Chindi ku Euthini, Inkosi Mzukuzuku ku Ephangweni, Inkosi Kampingo Sibande ku Eswazini.

Mainawa nawo akugumuka pang'onopang'ono, monga chimachitira chipupa chakale. Tengani dzina lakuti Engutwini, limene ena amalemba kuti Engucwini. Chilembo c m'Chizulu chimaimira kaphokoso kotulutsa lilime likamata kumano akutsogolo. Ife ana a amayi a Chitumbuka lilime lathu silinazolowere kaphokoso kameneko, ndiye tinaikapo t. M'dzina limodzi lomwelo muli mbiri yonse ya Mzimba: amuna obwera ndi mikondo anagonjetsa dziko, koma ana awo anayamwa chilankhulo cha amayi awo. Lero Chingoni chatsala m'nyimbo za ingoma, m'mawu otamanda mafumu, m'malonje akuti Bayethe ndi m'kamwa mwa anthu owerengeka. Chilankhulo cha pamsika, cha kumunda ndi cha kutchalitchi ndi Chitumbuka.

Ziwongo zathu zikunenanso zomwezo. Pali a Jere, a Nhlane ndi a Thole amene mizu yawo ili kumwera kwenikweni. Pali a Moyo ndi a Soko amene amakumbutsa zaka zimene gululo linadutsa pakati pa Akaranga. Pali a Tembo ndi a Lungu ochokera kwa Ansenga. Ambiri mwa amene anafika ku Henga ndi M'mbelwa sanaonepo dziko la Shaka. Anali ana ndi zidzukulu za anthu otengedwa panjira, amene anakula n'kukhala Angoni. Ungoni unali khomo lolowera anthu ambiri, ena mwa kufuna kwawo, ochuluka mokakamizidwa.

Njerwa za ku Embangweni

Ku Embangweni ndi kumene ndinapeza chimene mnzanga uja akanakonda kujambula: tchalitchi chachikulu chanjerwa cha mishoni ya Loudon, chimene chinamangidwa Donald Fraser atasamutsira mishoni kuno kuchokera ku Hora mu 1902. Pambali pake pali chipatala ndi masukulu. Fraser, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Chisekeseke, anamwalira ku Scotland mu 1933, ndipo mkazi wake anabweretsa phulusa lake kudzaliika pamalo pano mu 1935.

Ndinajambula zithunzi zingapo, koma mtima sunakhazikike. Vuto la njerwa ndi lakuti zimakopa maso, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti mbiri ya dera inayamba tsiku limene njerwa yoyamba inawotchedwa. Chonsecho ngakhale nkhani ya mishoni si ya azungu okha. Amene anayamba kukhala pakati pa Angoni ku Njuyu mu 1882 anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, amene ankamvana ndi Angoni chifukwa zilankhulo zawo zinali zapachibale. Anamwalira mu 1886 ndipo manda ake ali ku Njuyu. Oyamba kubatizidwa mu 1890 anali Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara. Nyimbo zambiri zimene zimaimbidwa m'tchalitchi chimenechi anapeka ndi anthu akuno, monga Mawelera yemweyo, Peter Thole ndi Charles Chinula, ndipo zina anaziika pa maimbidwe akale a Chingoni. Khola linagwa, koma maimbidwe ake analowa m'nyumba yanjerwa.

Ku Edingeni sitinalowe kwa Inkosi ya Makhosi. Asibweni anati munthu salowa kumeneko ngati akulowa m'golosale. Pamafunika nduna yokutsogolera ndi chifukwa chomveka. Tinakhala pamsika tikumwa tiyi, iwo akundiwerengera mafumu. Mu Seputembala 1904 makhosi anakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni navomera ulamuliro wa Britain popanda nkhondo, pamene Gomani wa ku Ntcheu anali ataphedwa ndi asilikali a azungu mu 1896 ndipo Mpezeni anali atagonjetsedwa mu 1898. Boma loyamba la atsamunda linakhazikitsidwa ku Hora lisanasamukire pamene pali tauni ya Mzimba lero. Mu 1915 Chimtunga, mwana wa M'mbelwa, anakaniza anthu ake kukanyamula katundu wa nkhondo ya azungu. Anamuchotsa paufumu n'kumutumiza ku Chiromo, ndipo analoledwa kubwerera mu 1920. Mwana wake Lazaro Jere ndiye anadzakhala M'mbelwa wachiwiri, mmodzi wa mafumu amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anamwalira mu 1959. Amene ali pampando lero ndi M'mbelwa wachisanu.

Ndikumvetsera, ndinazindikira kuti ndinalakwitsa poyambira. Ndinkafunafuna ufumu wakufa kuti ndiujambule, pamene ufumu wake uli moyo, ukuweruzabe milandu ya malo ndi ya maukwati. Ayutthaya ndi bwinja chifukwa mafumu ake anachotsedwamo ndi moto. Kwathu likulu silinawotchedwe. Linangosamuka.

Pa Hora

Tsiku lachiwiri tinalowera kumpoto kwa Boma, ku Hora. Phirili limaonekera patali, chimwala chachikulu chotumphuka pakati pa chigwa. Ambiri mumalidziwa chifukwa cha mwambo wa Umthetho, umene bungwe la Mzimba Heritage Association limakonza m'mwezi wa Ogasiti patsinde pake. Ndapitako kangapo ndi abale a bambo anga. Ndaonapo amuna atavala zikopa ndi nthenga, zishango m'manja, nthaka ikunjenjemera ndi mapazi a ovina ingoma, amayi akuwomba m'manja ndi kululutira. Ndikamva Bayethe akutuluka m'makosi a anthu zikwizikwi, thupi langa limachita tsemwe, ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma tsiku limene tinapita ndi asibweni kunalibe mwambo. Kunali zii, mphepo yokha ndi mabelu a ng'ombe chapatali. Anazimitsa njinga, navula chipewa, nakhala kanthawi osalankhula. Kenako anati, "Agogo ako anakuuzapo chifukwa chake sapita ku Umthetho?" Ndinati ndinkaganiza kuti ndi miyendo. Anapukusa mutu.

Nkhani yake ndi iyi. M'zaka za m'ma 1870, anthu amene anali pansi pa Angoni anayamba kuukira. Atonga anathawa kubwerera kunyanja, ndipo asilikali amene anawatsatira anagonjetsedwa cha ku Chintheche. Ahenga ndi Akamanga nawo anagalukira. Cha m'ma 1880 inafika nthawi ya Atumbuka a kuno, motsogozedwa ndi Baza Dokowe. Atapanikizidwa anakwera phiri la Hora pamodzi ndi akazi ndi ana. Angoni analizungulira n'kudikira. Pamwamba pa mwala palibe chitsime. Ludzu ndi njala zitakula, anthu anayamba kutsika, ndipo ambiri anaphedwa. Baza anapulumuka nathawira ku Kasungu, kwa Mwase.

Agogo anga aakazi, amayi a mayi anga, anamva kwa agogo awo kuti amayi awo anatsika phiri limeneli ali kamtsikana, opanda bambo, opanda alongo awo, natengedwa kukakulira m'mudzi wa anthu amene anawapha. "Ndiye agogo ako akamva ng'ombe zikuphedwa ndi anthu akuvina pano," anatero asibweni, "amati kumeneko n'kumanda, ndipo kumanda sapitako ndi nthungululu." Ndinawafunsa chifukwa chake iwo amavina ingoma, pakuti ndawaonapo atanyamula chishango. Anayankha kuti, "Ndinabadwira muno. Ingoma ndi yanganso. Koma ndikamaponda pansi pano ndimadziwa amene ndikuwaponda."

Mawu amenewo sanandichoke. Ine ndine mdzukulu wa amene anazungulira phiri, ndiponso mdzukulu wa amene anali pamwamba pake. Anthu ambiri a ku Mzimba ali ngati ine, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ndikawerenga mikangano ya pa Facebook yokhudza mwini wake wa Mzimba, wina akuti dziko ndi la Angoni chifukwa analigonjetsa, wina akuti Angoni ndi alendo abwerere kwawo, ndimadzifunsa kuti anthu amenewa akufuna kuti ndidule mkono uti. Onse awiri akuwerenga theka la bwinja.

A ku Thailand ali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe: amene anatentha Ayutthaya anabwerera kwawo, ndiye nkhani ya mabwinja awo ikhoza kukambidwa ngati ya ife ndi iwo. Kwathu wogonjetsa ndi wogonjetsedwa anakwatirana, anabereka ana, amapemphera pa benchi imodzi ndipo amaikana m'manda. N'chifukwa chake nkhani ya Hora ndi yovuta kuikamba, ndipo n'chifukwa chomwecho iyenera kukambidwa bwino.

Zimene ndikupempha

Sindikunena kuti Umthetho uchoke pa Hora. Mwambowu wadzutsa chidwi cha achinyamata pa chilankhulo ndi magule amene akanatha, ndipo umasonkhanitsa ana a Zwangendaba ochokera ku Zambia, ku Tanzania ndi kwina. Ndikupempha kuti pa mwambo womwewo pakhale kanthawi kokumbukira amene anafera paphiripo, dzina la Baza Dokowe litchulidwe poyera, ndipo mafumu a Chitumbuka a m'deralo apatsidwe mpata wolankhula za makolo awo. Ufumu umene wakhala zaka zoposa 160 sungagwe chifukwa chovomereza kuti pa maziko ake panakhetsedwa magazi. Pamalopo pakhalenso chikwangwani cha m'Chitumbuka, m'Chingoni, m'Chichewa ndi m'Chingerezi chofotokoza nkhani zonse ziwiri, kuti mwana wasukulu akafika tsiku lopanda mwambo asangoona mwala.

Chachiwiri ndikupempha ife ophunzira. Bwinja la mudzi wa ng'ombe silisowa kotheratu. Pamene panali khola kwa zaka zambiri nthaka imasintha mtundu ndipo udzu umamera mosiyana. Pamatsala mapale, mphero, mikanda, mafupa ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Zimenezi zimatha chaka ndi chaka ndi khasu, ndi oumba njerwa, ndi owotcha makala. Amene amadziwa kuti mudzi wakutiwakuti unali pati usanasamuke ndi okalamba, ndipo maliro aliwonse amapita ndi mapu ake. Tonse tili ndi mafoni otha kujambula mawu ndi kusunga malo. Wophunzira aliyense wa ku Mzimba atati pa tchuthi chimodzi akhale pansi ndi agogo ake, awafunse kumene mudzi wawo unachokera, unaima pati ndi pati, manda akale ali kuti, n'kukapereka zimenezo ku dipatimenti ya mbiri yakale kapena ku nthambi ya boma yosunga zakale, m'zaka zochepa tingakhale ndi mapu a maulendo a midzi yathu. Ofukula zakale akanadziwa poyambira kukumba, monga zinachitikira ku Mankhamba, kumene nkhani za akuluakulu zinathandiza kulondolera malo.

Chachitatu, tisiye kuyeza mbiri yathu ndi muyeso wa kamera. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Great Zimbabwe ili ndi malinga amiyala, Ayutthaya ili ndi nsanja, ife tili ndi maina amene anayenda wapansi kuchokera kutsidya la Limpopo, manda a m'makola, ndi phiri limene likusunga kunyada ndi chisoni pamodzi. Zimenezi sizikopa mlendo wothamanga, koma zimafuna munthu wodekha amene angakhale pansi n'kumvetsera.

Nditabwerera kunyumba madzulo a tsiku lachiwiri, ndinapeza agogo akuwotha moto kukhitchini. Ndinagwada n'kuwauza kumene ndinapita. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndinakwera pamwamba. Ndinati ayi. Anati ndinachita bwino, ndipo anayamba kunditchulira maina a anthu a m'banja mwawo amene sanatsike. Anatchula anayi. Ndinawalemba kuseri kwa kope langa, ndipo aka n'koyamba kuti mainawo alembedwe papepala.

Sukulu itatsegulidwa ndinamupeza mnzanga wa ku Dedza uja. Ndinamuuza kuti akafuna kudzaona likulu lathu lakale abwere ndi nsapato zolimba ndi masiku atatu, ndipo kamera asaidalire kwambiri. Tinapangana kuti tchuthi chikubwerachi iye adzabwera ku Hora, ndipo chotsatira chake ine ndidzapita naye ku Mankhamba.